Mawu Akhale ndi Mwini Wake

Tsiku loyamba kuona uthenga wokopa anthu wa wandale wina wa ku America, ndinadabwa ndi mathero ake. Mkuluyo anaonekera yekha, natchula dzina lake, nanena kuti uthengawo wauvomereza. Ndinadzifunsa kuti, kodi alipo amene ankamukayikira?

Pambuyo pake ndinamva kuti n'zochita kulamulidwa. M'chaka cha 2002 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo lodziwika ndi maina a John McCain ndi Russ Feingold. Lamuloli limati wopikisana pa mpando wa pulezidenti kapena wa phungu wa nyumbayo anene ndi pakamwa pake kuti akuvomereza uthenga wake wa pa wailesi kapena pa kanema. Pa kanemapo, mawu olembedwa aoneke kwa masekondi osachepera 4. Khoti lalikulu linagwirizana nazo mu 2003. Cholinga chinali chakuti wonyoza mnzake asabisale kuseri kwa mawu a wina. Manyazi akhale ake.

Apa mtima unanditsutsa. Chaka chatha ndinafalitsa pa WhatsApp nkhani yoipitsa mnzathu amene ankapikisana pa udindo wa wapampando wa achinyamata. Ndinabisala m'kamawu kakuti "akuti". Nkhaniyo inali yabodza, koma iye anagonja, ndipo kumisonkhano yathu sabweranso.

Achinyamata anzanga, mawu amene sindingaikepo dzina langa sindiyenera kuwatumiza. Loweruka lino ndipita kwawo kukamuuza ndi pakamwa panga kuti anafalitsa zija ndine, ndi kuti ndinalakwa.