Ana amene anaphunzira Sitandade 8 pa wailesi

Lero ndikufuna tikambirane za gulu limene linamaliza pulayimale mu 2020.

Mukukumbukira kuti boma linatseka sukulu zonse pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19. A Sitandade 8 anabwerera m'kalasi pa 7 Seputembala, patatha miyezi isanu ndi theka, ndipo pasanathe mwezi anayamba kulemba mayeso a MANEB. Pakatipa anauzidwa kuti azimvera maphunziro pa wailesi.

Maganizowo anali abwino, koma kuno kwa Khombedza wailesi imafuna mabatire, ndipo ikakhalapo ndi ya bambo. Mwana sangafunse wailesi kuti ibwereze pamene sanamvetse. Komanso mwana wa kumudzi akakhala pakhomo sakhala manja lende. Anyamata ambiri anatsikira kunyanja kukakoka makoka, ena anayamba kabaza pa msewu wa M5. Atsikana ankayanika usipa ndi kulera ang'ono awo. Mwana akalawa ndalama, kumubwezera pa desiki ndi ntchito yaikulu.

Amene anasankhidwa tinawalandira mu Fomu 1 mu 2021, chaka chimene sukulu zinatsekedwanso kuyambira mu Januwale mpaka mu Febuluwale. Vuto lalikulu limene ndinaona linali Chingelezi. Kwathu kuno mwana amachimva m'kalasi mokha, ndiye miyezi yonse ija chinachita dzimbiri. Popeza maphunziro onse kupatula Chichewa ndi a m'Chingelezi, masamu ndi sayansi zinavutira pomwepo. Tinagwirizana kuti tiyambe tabwereza za pulayimale, ngakhale silabasi inkatithamangitsa. Ena ankati tikutaya nthawi, koma ine ndimati nyumba siyambira kudenga.

Gulu limeneli linalemba JCE mu 2022 ndi MSCE mu 2024. Ndimawanyadira kwambiri. Ndinaona ana amene ankabwerekana notsi, kuwerengera pa tochi ya foni, ndi kufunsa mopanda manyazi.

Komabe mtima wanga uli pa amene sanabwerere. Kafukufuku wa boma anapeza kuti nthawi imene sukulu zinali zotseka, atsikana pafupifupi 13,000 anatenga pakati ndipo maukwati a ana anakwana pafupifupi 40,000 m'dziko muno. Ena mwa iwo ndimakumana nawo pamsika, mwana kumbuyo, ndipo amandipatsa moni maso ali pansi. Anali anzeru ngati anzawo aja.

Pempho langa ndi ili. Ndondomeko ya Unduna wa Zamaphunziro imalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, ndipo ku sekondale kuli makalasi a masana amene timawatcha open. Ngati muli ndi mchemwali kapena mphwanu amene anasiyira panjira, musamuseke. Mutengeni mukaonane ndi a hedi a sukulu imene muli nayo pafupi. Ifenso aphunzitsi, akabwera tisawafunse kuti anali kuti. Tiwapatse malo okhala ndipo tiyambire pamene anasiyira.