Kudikira achimwene pa Park Station

Amayi anandipatsira kathumba ka ufa woyera ndi usipa, nati, "Ukapereke m'manja mwake, osati kwa mnzake." Achimwene anali atatha zaka zisanu ku Joni osapondako kumudzi. Pafoni anangoti tikakumane pa Park Station, m'holo yaikulu, nthawi ya 10 koloko m'mawa.

Holo imeneyi, abale, ndi mudzi wathunthu wofoleredwa ndi denga limodzi. Sitima simuziona ayi, chifukwa njanji zili pansi pa mapazi anu. Mumangomva mdidi, kenaka pamakwerero patulukira chinamtindi cha anthu ochokera ku Soweto, aliyense liwiro la kuntchito, osayang'ana mnzake. M'mbalimu mwandandalika timasitolo ndi mawindo ogulitsira matikiti, fungo la tchipisi ndi nkhuku yokazinga lili guu. Kwinako kuli mizere ya odikira mabasi a ku Harare, Lusaka, Maputo ndi Blantyre, atakhalira zikwama zawo zikuluzikulu kuopa akuba. Chimkuzamawu chimalengeza kosalekeza, koma ine sindinatolepo kanthu.

Ndinatsamira chipilala, kathumba kali pachifuwa. 11 koloko inakwana, munthu osaoneka. Ndinakumbuka agogo anga, amene anapita kumigodi ndi Wenela. Iwo ankasimba kuti masiku awo munthu wakuda pasiteshoni pano anali ndi khomo lake ndi holo yakeyake. M'holo ya azungu okhaokha ndi momwe John Harris anatchera bomba pa 24 July 1964 pokana tsankho, ndipo anamunyonga mu 1965. Ulamuliro watsankho unatha mu 1994. Ine mdzukulu wawo ndinalowera khomo limene ndinafuna, popanda wondifunsa.

Cha m'ma 12 koloko wina anandigwira paphewa n'kundipatsa moni m'Chizulu. Kucheuka, ndi achimwene, ataonda, chipewa chili m'maso. Ndinakuwa, "Achimwene, muli bwanji kodi!" Iwo anayamba ayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti, "Tsitsa mawu, mphwanga. Kuno chathuchi timayankhula chapansipansi." Sindinawafunse chifukwa. Tonse tikudziwa kuti mu 2008 anthu oposa 60 anaphedwa m'dzikomo pa zipolowe zothamangitsa obwera.

Zinandiwawa. Agogo ankawasankhira khomo poona khungu, achimwene akubisa lilime pakati pa akuda anzawo.

Ndinawapatsa kathumba kaja. Anamasula pang'ono, nanunkhiza. Mwadzidzidzi anaseka mokweza n'kunena, "Usipa wa ku Nkhotakota uwu! Amayi ali bwanji?" Bambo wina amene amakankha ngolo ya katundu anaima, natiyang'ana, nati, "Kumudzi kuli bwanji, achimwene?"

Tinacheza atatu kwa mphindi khumi, mokweza ndithu. Kenaka achimwene anati akuchedwa kuntchito. Anatsika makwerero aja atakumbatira kathumba, ine n'kutsala pachipilala ndikuganiza zokawauza amayi.