Galu Womvera Amayamba ndi Maso

Pa ziweto zonse za pakhomo, galu ndiye amene timamuyembekezera zambiri koma timamuphunzitsa zochepa. Timafuna kuti azilonda usiku, asagwire nkhuku, asalume mwana wa mnansi, ndipo azibwera tikamuitana. Komatu maphunziro amene agalu ambiri amalandira ndi mawu amodzi okha akuti "Choka!" kenaka mwala. Ena amamutsekera m'kakhola tsiku lonse kapena kumuthirira tsabola m'chakudya, ati kuti akhale wolusa. Mapeto ake ndi galu woopa dzanja la munthu, ndipo galu wamantha ndiye amafulumira kuluma.

Ife amene timayenda m'makomo kuphunzitsa za ukhondo ndi kapewedwe ka matenda timakumana ndi agalu otere nthawi ndi nthawi. Tikafunsa ngati galuyo anabayidwa katemera wa chiwewe, yankho lomwe timamva kawirikawiri ndi lakuti, "Ameneyo sagwirika." Mawuwa amatidetsa nkhawa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi alionse amakhala ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangoonekera, wodwala sachira. Matendawa amasiya kufalikira agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa katemera. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu opitirira 35,000 mu mzinda wa Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo anachita kubwera nawo eni ake kumalo obayira. Galu wosagwirika amatsala kunyumba pa tsiku lotere.

N'chifukwa chake pamene tinalandira kagalu ka milungu 8 pakhomo pathu, tinagwirizana monga banja kuti phunziro lake loyamba lisakhale kukhala pansi kapena kupereka dzanja, koma kutiyang'ana. Tinakatcha Bingo. Galu amene sakuyang'anani sangamve chimene mukunena, monganso mwana wasukulu amene maso ali pawindo. M'mera mpoyamba: akatswiri a ziweto amati kuyambira milungu 3 kufika pafupifupi milungu 14 ndi nthawi imene kagalu kamazolowera mosavuta anthu, phokoso ndi kugwiridwa. Nthawiyi ikadutsa kamaphunzirabe, koma ntchito yake imakula.

Njira imene tinatsata imagwiritsa ntchito clicker, kachipangizo kokwana m'dzanja kokhala ndi kachitsulo kamene kamalira kuti "tiki" mukakadina. Nzeru yake inachokera ku America. Katswiri wa khalidwe la zamoyo, B. F. Skinner, anaonetsa kuti nyama imabwereza chinthu chimene chaibweretsera zabwino, ndipo mu 1951 analemba nkhani yolangiza anthu kugwiritsa ntchito kachidole kolira pophunzitsa galu. Ophunzira ake awiri, Keller ndi Marian Breland, anaphunzitsa nyama zamitundumitundu mwa njira yomweyi. Mayi Karen Pryor, amene m'zaka za m'ma 1960 ankaphunzitsa nyama za m'nyanja zotchedwa dolphin ku Hawaii pogwiritsa ntchito wenzulo, ndi amene anaifalitsa kwa eni agalu, makamaka atatulutsa buku lake mu 1984. Nyama ya m'madzi simungaikoke ndi chingwe kapena kuikwapula. Mungoiuza kuti "wakhoza" pa nthawi yeniyeni, n'kuipatsa nsomba.

Ntchito ya clicker ndi yomweyo. Kagalu kamachita zinthu zambiri m'kanthawi kochepa: kayang'ana, kadumpha, kanunkhiza pansi. Mukachedwa kutulutsa chakudya m'thumba, sikadziwa chimene mwakalipira. Kulira kwa "tiki" kumaloza mphindi yeniyeni imene kakhoza, ndipo kumalonjeza kuti mphoto ikubwera. Ngati clicker simunaipeze m'sitolo, musadandaule. Bolopeni yodina imagwira ntchito, chimodzimodzi chivindikiro cha botolo la jamu chimene chimalira mukachidina pakati. Mungathenso kusankha liwu limodzi lalifupi monga "Eya!" malinga ngati nonse pakhomo muzinena lomwelo, mofanana, ndipo musaligwiritse ntchito pa zina.

Masiku awiri oyamba sitinamulamule chilichonse Bingo. Tinkakhala naye pakhonde pamalo opanda phokoso, asanadye chakudya chake. Tiki, kenaka kanthu kokoma. Tiki, kanthu kokoma. Tinkabwereza maulendo 10 kapena 15 n'kusiya. Dongosolo lake n'lofunika: kulira kuyambe, dzanja lopereka litsatire. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri, akamva "tiki" makutu ankaima, mutu n'kutembenuka. Pamenepo tinadziwa kuti wamvetsa tanthauzo lake.

Mphoto tinkadula tizidutswa tating'ono ngati njere ya nyemba: dzira lowiritsa, bonya wopanda mchere wambiri, mbatata yophika. Zazikulu zimakhutitsa msanga ndipo phunziro limathera pomwepo. Zimene wadya pophunzira tinkazichotsera pa chakudya chake cha tsikulo. Anyezi, adyo, chokoleti ndi mphesa ndi poizoni kwa galu, ndipo mafupa ophika amasweka n'kumulasa m'matumbo. Zimenezi zisalowe m'mbale yake.

Kenaka linafika phunziro la maso. Tinkaima chete, manja kumbuyo, osamuitana. Bingo ankanunkhiza mapazi, n'kukanda siketi, n'kuzungulira kumbuyo kufuna dzanja. Ife duu. Atasowa chochita anakweza mutu n'kutiyang'ana kumaso mwa kanthawi kochepa kwambiri. Pomwepo tiki, mphoto. Ulendo wachiwiri sanachedwe ngati poyamba. Pakutha pa sabata ankabwera yekha n'kudzakhala patsogolo pathu, maso ali gaa, kudikira. Apa m'pamene tinawonjezera dzina. Timatchula kamodzi kokha, "Bingo," ndipo akatembenuka timadina. Akapanda kutembenuka sitibwereza kasanu kapena kukweza mawu, chifukwa dzina lobwerezabwereza limasanduka phokoso wamba. Timangoyandikira, kapena kubwerera pamalo a zii n'kuyambiranso. Dzinali sitiligwiritsa ntchito pomukalipira. Galu akazindikira kuti dzina lake limabwera ndi ndodo, sadzabweranso.

Phunziro lililonse limatenga mphindi 2 kapena 3 zokha, katatu kapena kanayi pa tsiku. Timaleka iye akadali ndi chidwi. Atazolowera pakhonde tinapita kuseri kwa nyumba, kenaka pafupi ndi khola la nkhuku, kenaka pageti pamene ana akuweruka kusukulu. Malo atsopano alionse amakhala ngati kuyamba kalasi ina, choncho timapeputsa mayeso: tikangoona diso limodzi latembenukira kwa ife, timalipira. Lamulo limene sitiphwanya ndi ili: tikadina, mphoto iperekedwe. Clicker si belu loitanira galu, ndiponso si choseweretsa cha ana. Khalidwe likakhazikika, clicker timaisunga kuti idzagwire ntchito pa phunziro lina, ndipo mphoto imasanduka kumusisita, kusewera naye, ndi kanthu kokoma mwa apo ndi apo.

Chimene tinkafuna kwenikweni chinabwera pambuyo pa zonsezi. Tinayamba kumugwira khutu, tiki. Kunyamula phazi, tiki. Kutsina pang'ono chikopa cha pakhosi pamene jakisoni amalowa, tiki. Kumuveka chingwe n'kuyenda naye masitepe atatu, tiki. Atakwana miyezi 3 tinapita naye kwa alangizi a ziweto kukabayitsa katemera wa chiwewe. Mwana wathu wamkazi wa zaka 12 ndiye anagwira chingwe. Pamene singano inkalowa anangoti, "Bingo," galuyo n'kumuyang'ana kumaso, ndipo zinatha asanadziwe kuti chachitika n'chiyani. Luso lomweli limatithandiza pomupatsa mankhwala a njoka zam'mimba, pomuchotsa nkhupakupa ndi pomusambitsa. Galu amene amagona pakhonde pamene ana amakwawa, ukhondo wake ndi ukhondo wa banja lonse.

Mnansi wathu wina, bambo wachikulire, anatiyang'ana tsiku lina n'kupukusa mutu. "Mayi, mukumuwononga galuyo. Wotereyu angathamangitse mbava?" Funsoli ambiri ali nalo, ndipo n'lomveka, pakuti ambirife timaweta galu chifukwa cha chitetezo. Tinawayankha kuti, "Bambo, kuuwa sitimuphunzitsa ndife, anabadwa nako. Chimene tikumuphunzitsa ndi kuleka tikamuuza." Bingo amauwa ndithu munthu wachilendo akagogoda usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti masana, mlendo akafika kapena wowerenga mita ya madzi akalowa, timamuitana ndipo amabwerera. Galu wosasiyanitsa mbava ndi mwana wodzapempha moto ndi mlandu umene ukungodikira tsiku lake.

Pali chinanso chimene tinaona mwa ana athu. Kuti udine pa nthawi yake uyenera kudikira, kuyang'anitsitsa, ndi kufunafuna chimene chakhozedwa m'malo mwa chimene chalakwika. Mnyamata wathu, amene kale ankatola mwala akaona galu aliyense pamsewu, tsopano amadziwa kuwerenga thupi la galu: mchira wolowa pakati pa miyendo, makutu ogona, kunyambita milomo, thupi louma gwa. Akaona zimenezi amaima, sathamanga, ndipo samuyang'anitsitsa m'maso galu wachilendo. Amadziwanso kuti galu amene akudya, akugona kapena akuyamwitsa sayenera kusokonezedwa.

Ngakhale galu wophunzira bwino ndi nyama ndithu, choncho mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lioneke laling'ono. Musadikire kuti muone ngati galuyo adwale. Katemera wa galu wanu muzimubwereza monga alangizi akuuzirani, ndipo kakhadi kake kasungeni pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Chaka chilichonse pa 28 September dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, ndipo madera ambiri amakonza zobaya agalu cha m'nyengo imeneyo. Ngati muli ndi kagalu pakhomo, wiritsani dzira limodzi madzulo ano, pezani bolopeni yodina, ndipo dikirani kuti kakuyang'aneni.