Zikhadabo za tambala: kuchepetsa, osati kuzula

Amene mukuweta tambala kuseri kwa nyumba ku Mamelodi kapena ku Atteridgeville, tayang'anani miyendo yake. Chikhadabo chakumbuyo chija sichisiya kukula, ndipo tambala wa m'khola lopanikiza sapalasa pouma kuti chiziperepeseka. Chikatalika chimapindika, tambala amayenda motsimphina, ndipo akakwera thadzi amaling'amba m'nthiti, bala n'kubisika pansi pa phiko. Ena amati Mulungu adamulenga choncho, musiyeni. N'zoona kuti ndi chida chake chodzitetezera, koma chida chimene chayamba kulasa mwini wake ndi nkhuku zinzake chiyenera kuchepetsedwa.

Chimene ndikukana ndi kuchizula. Kunja kwake n'kouma ngati nyanga, koma m'kati muli fupa lamoyo lomera pa mwendo, lokhala ndi mitsempha ya magazi. Amene amapotokola chikhadabo ndi pulayala, kaya atayamba achifewetsa ndi mbatatesi yotentha, amati chimavuka mosavuta. Chimavukadi, koma chotsala ndi chilonda chofiira pa mwendo umene ukuponda zitosi tsiku lonse. M'malo mwake, mufungatireni tambala m'chitenje, mupale nsonga yokha ndi tupa pang'onopang'ono mpaka ibunthe. Magazi akadontha, tsinikizanipo ufa. Chikakhala chalowa kale m'mnofu, imeneyo ndi ntchito ya dokotala wa ziweto, ndipo chipatala cha ziweto cha University of Pretoria chili pompano ku Onderstepoort. Lamulo la dziko lino loteteza nyama la 1962 limaletsanso kuzunza chiweto popanda chifukwa, ndipo nkhuku ili momwemo.