Ngodya za siling'i ndi masamu a Fomu 3

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale amene mudakali kundikumbukira, lero sindikamba za mayeso. Ndikamba za konisi, kathabwa kaja kamakhomedwa pamene khoma lakumana ndi siling'i.

Kathabwa kameneka n'kovuta pa chifukwa chimodzi: sikagona pakhoma ndipo sikagona pasiling'i. Kamakhala chopendekeka, m'munsi kakukhudza khoma, pamwamba kakukhudza siling'i, kumbuyo kuli mphako. Ndiye pakona, munthu akakagoneka patebulo la sowo n'kudula madigiri 45 monga amachitira ndi felemu ya chithunzi, mbali ziwirizo sizikumana. Pamatsala kakamwa koyasama. Ndipo thabwa la paini wa ku Chikangawa silitoledwa m'njira, makamaka kwa ife amene timamanga nyumba ndi malipiro a uphunzitsi, mwezi uno zenera, mwezi wamawa chitseko.

Amene akundiikira siling'i pabalaza ndi mnyamata yemwe ndinamuphunzitsa masamu zaka zapitazo. Pa MSCE masamu sanamukomere. Lero ali ndi miter saw yake yamagetsi, ndipo ndakhala ndikumuonerera madzulo ndikaweruka.

Njira yake ndi iyi. Amazondotsa konisi, mbali yopita kusiling'i n'kukhala pansi patebulo la sowo, yopita kukhoma n'kutsamira chitsulo chakumbuyo chija. "Sala," anatero, "tebuloli ndi siling'i, chitsulochi ndi khoma. Nyumba yonse ndaitembenuza." Akatero amangopotoza sowo madigiri 45, osapendeketsa mpeni wake, n'kudula. Chosokoneza n'chakuti zonse zimasinthana: chidutswa cha kumanzere kwa kona umachidula ngati cha kumanja. Nchifukwa chake amasunga tizidutswa tinayi tolembedwa ndi pensulo, tiwiri ta kona yolowa mkati, tiwiri ta kona yotulukira kunja, ndipo sayatsa sowo asanatiyang'ane.

Pali njira ina, yogoneka thabwa chafulati, imene imafunika konisi ikakhala yaikulu kuposa chotsamira. Apa m'pamene mtima wanga wauphunzitsi unadumpha. Umayenera kupotoza sowo komanso kupendeketsa mpeni. Konisi yopendekeka madigiri 45 kuchoka pakhoma imafuna kupotoza 35.3 ndi kupendeketsa 30. Yopendekeka 38 imafuna 31.6 ndi 33.9, ndipo masowo ambiri ali ndi chizindikiro pa manambala awiriwa. Mnyamatayo amawadziwa pamtima koma sankadziwa kumene achokera. Ndinatola chidutswa cha bolodi n'kumulembera: cos 45 kuchulukitsa ndi cos 45 ndi theka, ndipo ngodya imene sine wake ndi theka ndi 30. Anayang'ana kanthawi, kenaka anati, "Ndiye zija za Fomu 3 zija?" Zomwezo.

Komabe pa chinthu chimodzi wandiposa kutali. M'kalasi, ndikajambula kabokosi pakona, ana onse amavomera kuti ndi 90. Khoma la njerwa zootcha lopakidwa pulasitala ndi dzanja silivomera zimenezo. Pabalaza panga kona ina ndi 92, ina 88. Iye sakhulupirira kona asanaiyeze. Pa 92 amadula 44, pa 88 amadula 46, ndipo amayamba wayesa ndi tizidutswa totsala asanakhudze thabwa lalitali. Pakona yolowa mkati nthawi zina safuna n'komwe kukumaniza ngodya ziwiri: thabwa loyamba amalifikitsa kukhoma lodulidwa mowongoka, lachiwiri amalisema kumapeto ndi kasowo kakang'ono kamanja kutsata maonekedwe a loyambalo, kuti ngakhale matabwa atauma n'kunyala, mpata usaoneke. Ena amangothira pate n'kupaka penti. Ikadutsa nyengo yotentha ya Okutobala, mng'alu umabwerera.

Ndikudziwa zimene ena munena kusitafu, kuti silabasi ndi yaitali ndipo ana 80 m'kalasi imodzi sungawapatse sowo. Zoona, ndipo mpeni umenewo si woseweretsa: iye yemwe dzanja amaliika kutali, ndipo sanyamula thabwa mpeni usanaime. Koma katoni ndi sizasi tili nazo. Ndamupempha tizidutswa take tinayi tija, ndipo temu ikubwerayi Fomu 3 iyamba trigonometry poyeza makona anayi a kalasi yawo, gulu lililonse kona yake, tione ngati pali ngakhale imodzi yokwana 90.