Adakalikondera kwa eni phiri lomwe ankaliopa kwawo

Aliyense amene adakulira pa Milange akudziwa kuti munthu sakwera phiri popanda chifukwa. Ukaona mayi akulowera ku Tumbine m'mamawa, ndiye kuti akukatola nkhuni. Ukaona bambo ali ndi chikwanje m'manja, ndiye kuti akukadula nsungwi kapena akupita kumunda wake wa m'mbali mwa phiri. Koma kuti munthu wamkulu wa ndevu zake adzuke tambala woyamba, amange nsapato, atenge botolo la madzi ndi kuyamba chikweza n'cholinga chongokaona pamwamba basi, abale ake angayambe kunong'onezana kuti mwina mutu wayamba kusokonekera.

Izi ndi zomwe zidachitika kumudzi kwa bambo wina wa m'boma lino, yemwe wakhala akugwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu olemera mu mzinda wa Cape Town, ku South Africa, kuyambira m'chaka cha 2007. Mayi ake, omwe tsopano ndi okalamba, atamva kuti mwana wawo amathera tsiku Lamulungu m'phiri, adamufunsa pa lamya funso limodzi lokha: "Kodi iwe mwana wanga, kuphiriko udatayako chiyani?"

Funso la mayiwa silidali lachibwana, ndipo amene adaona zomwe iwo adaona sangawaseke.

Bamboyu adabadwa m'chaka cha 1980. Adali ndi zaka 6 pamene nkhondo ya pachiweniweni idafika pa Milange mu Seputembala 1986. Za tsikulo amakumbukira zochepa: usiku womwe adagona patchire m'tsinde mwa Tumbine, dzanja la mayi ake litamutseka pakamwa kuti asalire, ndi madzi ozizira a mtsinje wa Muloza pamene ankawolokera ku Malawi. Ubwana wake adauthera pa msasa wa anthu othawa nkhondo m'boma la Mulanje, ali mmodzi mwa anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino omwe adapeza pobisala m'dzikolo.

Kumsasako adakhalanso pansi pa phiri, lalikulu kuposa la kwawo. Akuluakulu ankakamba za nsonga ya Sapitwa, yomwe ili pa mamita 3,002, nkumati dzina lokhalo ndi chenjezo lokwanira. Ankati kumeneko ndi kwa mizimu, ndipo munthu akapezako chakudya chophikaphika azidya yekha mwakachetechete osaitana mnzake. Mu Malichi 1991 napolo adatsika ku Phalombe ndi kukokolola midzi ndi anthu mazanamazana, ndipo ana a pamsasa adamva nkhaniyi usiku ndi usiku.

Nkhondo idatha ndi pangano lomwe lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo banjali lidabwerera kwawo patapita zaka ziwiri. Koma mu Januwale 1998, mvula itagwa mosalekeza, mbali ina ya Tumbine idagumuka. Matope, miyala ndi mitengo zidatsikira pa nyumba za anthu, ndipo ambiri adafa. Mnyamatayu adali m'gulu la omwe adatenga makasu kukafukula. Choncho pamene ankakwera basi ya ku Joni, kudzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge, phiri kwa iye lidali malo a nkhuni, othawirako mfuti ndi kochokera imfa.

Ku Cape Town adakafikira ku Imizamo Yethu, mudzi wa tinyumba ta malata womwe uli pamtsetse moyang'anana ndi nyumba zapamwamba za ku Hout Bay. Kumeneko tinyumba ndi tothithikana kotero kuti mnansi akatsokomola umayankha ndiwe. Asadathe chaka, mu Meyi 2008, kudabuka ziwawa zolimbana ndi alendo m'mizinda ya dzikolo, ndipo anthu 62 adaphedwa. Bamboyu adaphunzira kuyenda chozolika, kukhala chete m'minibasi kuti lilime lisamuulule, ndi kumeza mate akamva mawu oti kwerekwere. Moyo wake udali wa kuntchito, kunyumba, ndipo Loweruka kumowa. Ndalama zotumiza kumudzi zidayamba kuchepa.

Chomwe chidamufikitsa kuphiri ndi agalu. Bwana wake wina atadwala mwendo, adamutuma kuti madzulo aliwonse azikawayendetsa agalu awiri a panyumbapo m'kanjira kokwera phiri kuseri kwa nyumba. Poyamba adaiona ngati ntchito yonyozetsa. Kwathu galu amaperekeza mwini wake kokasaka, pamene kumeneko munthu ndiye amaperekeza galu kokawongola miyendo. Koma tsiku lina adapitirira pomwe ankabwererapo, mpaka adafika pathanthwe lina ndi kukhala pansi. Kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dzikolo, sadamve wailesi ya mnansi, galimoto kapena mawu a munthu. Adangomva mphepo ndi kupuma kwa agalu. Akuti adakhala pamenepo mpaka dzuwa lidalowa m'nyanja, ndipo potsika mtima udali utapepuka.

Sipadapite nthawi, iye ndi mnzake wa kutchalitchi wochokera ku Thyolo adayesa kukwera Table Mountain, phiri lathyathyathya pamwamba lomwe limaoneka pa zithunzi zonse za mzindawo. Nsonga yake ili pa mamita 1,086. Pafupi ndi Sapitwa ndi kamwana, koma limayambira pafupi ndi nyanja, ndiye miyendo imalimva. Alendo a ndalama amakwera pa kangolo koyenda pa chingwe, komwe kadayamba kugwira ntchito mu 1929. Awiriwa adatenga njira yaulere ya Platteklip Gorge, mpata wa pakati pa matanthwe womwe uli ndi masitepe a miyala osatha, ndipo munthu amatha maola awiri kapena atatu kuti afike pamwamba.

Apa ndi pomwe bamboyu adadabwa ndi miyendo yake. Azungu a nsapato zodula ndi ndodo zachitsulo ankaima pang'onopang'ono kupezako mpweya, iye akungopita ngati akukatunga madzi. Miyendo yomwe idakula ndi mitolo ya nkhuni pa Tumbine, ndi kupalasa njinga ya matumba a chimanga kupita nayo pa Muloza, idali isadaiwale ntchito yake. Chinthu chomwe kwawo chidali chizindikiro cha umphawi, kuphiriko chidamupatsa ulemu.

Chachiwiri chomwe adaona ndi moni. Mumzinda, munthu yemweyo amene amakweza galasi la galimoto akakuona ukuyandikira, kuphiri amakupatsa moni, nkukufunsa ngati pamwamba pali patali. Palibe amene adamufunsapo pasipoti pa Platteklip. Thukuta ndi lofanana, befu ndi lofanana, ndipo amene madzi amuthera amapempha kwa aliyense amene wamupeza. Bamboyu sanama kuti ubale umenewu umatsika nawo mpaka pamsewu. Akudziwa kuti umathera pomwe pamaima magalimoto. Komabe akuti maola ochepa amenewo amamukwanira kuti Lolemba adzuke ali munthu.

Chachitatu ndi nkhungu. Mphepo ikamaomba kuchokera kummwera chakuvuma, mtambo woyera umayala pamwamba pa Table Mountain ndi kumatsikira m'mbali, ndipo eni dera amautcha nsalu ya patebulo. Tsiku loyamba kumupeza ali pamwamba, anzake adachita mantha, koma iye adaseka. Adazindikira chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ya m'miyezi yozizira yomwe a Malawi adaipatsa dzina la phiri la Chiperone la m'boma lathu lino. Kuzizira kwake kudali komweko, fungo la miyala yonyowa lomwelo. Adaonanso mbira zitakhala pamatanthwe, zonenepa, alendo akuzijambula, ndipo mnzake wa ku Thyolo adamunong'oneza kuti ndiwo zonsezi zikungoonongeka.

Pali phiri lina laling'ono pafupi, la Lion's Head, lomwe bamboyu salikwera mwamasewera. Pansi pake pali gombe la Clifton, kosambira anthu olemera. Pa 27 Disembala 1794, sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José idasweka pamiyala ya pamenepo. Idanyamuka ku Ilha de Moçambique ndi akapolo pafupifupi 500 kupita nawo ku Brazil. Oposa 200 adamira, ndipo opulumuka adagulitsidwa ku Cape komweko. Zotsalira za sitimayi zidalengezedwa mu 2015, ndipo chaka chomwecho dothi lochokera ku Mossuril lidamwazidwa panyanjapo powakumbukira. Bamboyu akafika pamwamba pa Lion's Head amavula chipewa. Akuti amene amamutcha mlendo sadziwa kuti anthu a kwawo adagona m'madzi amenewo zaka zoposa 200 zapitazo.

Owerenga asaganize kuti phiri la kwa eni ndi lofatsa. Chaka ndi chaka anthu amasochera, kuthyoka miyendo, ena kufa kumene, makamaka nyengo ikasintha mwadzidzidzi. Ziliponso mbava zomwe zimabisalira oyenda okha ndi kuwalanda mafoni. Nchifukwa chake bamboyu sapita yekha. Tsopano ali ndi kagulu ka anzake a ku Zambezia, Malawi ndi Zimbabwe, ndipo lamulo lawo ndi loti aliyense atenge madzi okwanira ndi chovala cha mphepo ngakhale dzuwa likuswa mtengo, anyamuke m'mawa, ndipo asasiye mnzake m'mbuyo. Mwa malamulo onsewa palibe lomwe agogo ake sakadagwirizana nalo. Ndalama zomwe zinkathera kumowa Loweruka tsopano zimafika kumudzi, chifukwa munthu wa matsire sakwera Platteklip.

Koma kukwera phiri la eni kwamupatsanso chisoni. Table Mountain ndi malo otetezedwa ndi boma; njira zake zimakonzedwa, ndipo wodula mtengo kapena kuzula duwa amalipitsidwa. Iye akamaona izi amakumbukira mbali za Tumbine zomwe zidasanduka minda, ndi matumba a makala pamsewu. Sadzudzula wolima m'phiri, poti naye adalimamo ndipo akudziwa kuti njala ilibe manyazi. Koma amene adafukula anthu m'matope mu 1998, nkudzamvanso mu Malichi 2023 kuti namondwe wa Freddy wagumula mapiri ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, sangaone phiri lometedwa mpala mtima nkukhala m'malo.

Amaganiziranso za chuma chomwe tili nacho osachidziwa. Tsidya linalo, anyamata a pa Likhubula amapeza ndalama poperekeza ndi kunyamulira katundu alendo okwera Mulanje, phiri lomwe bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Kuno ku Zambezia tili ndi Namuli ku Gurué, wa mamita 2,419, komwe Alomwe amati ndiko kudachokera makolo awo. Tili ndi Mabu ku Lugela, yemwe nkhalango yake akatswiri a sayansi adaizindikira pa zithunzi za Google Earth mu 2005, ngakhale anthu a m'deralo adaidziwa kuyambira kalekale. Tili ndi Chiperone ndi Tumbine. Anthu amalipira ndege kuchokera ku Ulaya kuti adzaone zotere, ife tikuzipatsa msana.

Chomwe chimamukoka kwambiri masiku ano ndi mwana wake wamwamuna, yemwe adabadwira ku Cape Town. Mnyamatayu amayankhula Chixhosa ndi Chingerezi ngati madzi, koma Chichewa chake ndi chopunduka, ndipo akapatsidwa lamya kuti alonjere agogo ake amathera pa "ndili bwino". Kunyumba bambo amafika atatopa, mwana ali pa foni. Kuphiri kokha ndi komwe awiriwa amakhala maola asanu popanda chowasokoneza, ndipo bamboyu adaika lamulo loti akangoponda njira ya phiri, chiyankhulo ndi cha kwawo. Mawu oti thanthwe, nkhungu, chikweza, mtsetse ndi mbira mwanayu adawaphunzirira pa Platteklip. Nkhani ya usiku wa 1986 adaimvera pamwamba pa Lion's Head. Tsiku lina ali kupuma adafunsa: "Ababa, nanga pamwamba pa Tumbine pamaoneka chiyani?"

Bamboyu adasowa choyankha. Adabadwira m'tsinde mwake, adabisalamo, adatolamo nkhuni, adafukulamo anthu, koma pamwamba pake sadafikepo.

Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Bamboyu adaimbiranso mayi ake ndi kuwauza kuti akufuna kubwera ndi mdzukulu wawo pa tchuthi cha Disembala, ndipo awiriwo akakwera Tumbine mpaka pamwamba. Mayiwo adakhala chete kanthawi, kenaka adati Disembala ndi mwezi wa mvula, ndipo iwo sadaiwale zomwe phirilo limachita likakhuta madzi.

"Ngati mwatsimikiza, mubwere mu Ogasiti nthaka itauma," adatero gogoyo. "Mukayambe mwaonekera kwa amfumu, mutenge munthu wodziwa njira, ndipo potsika musabwere chimanjamanja. Munditolereko nkhuni zouma."