Njinga Yothandiza Wopalasa

Njinga yanga ya Humber ndidaipachika kudenga m'chaka cha 2014, mawondo atayamba kundikana. Kuyambira pamenepo odwala a mumphakati wathu kuno kwa Khombedza, amene ndinkawayendera Lamulungu lililonse mapemphero akatha, ndinkangowatumizira mafuno abwino kudzera mwa ena.

Chaka chino mwana wanga wa ku Johannesburg adandiuza kuti: "Bambo, ndikugulireni njinga ya batire." Ndidakana, poopa kuti anyamata a kabaza pamsewu wa M5 adzati nkhalamba yagula ulesi. Koma mayi a kunyumba adandifunsa: "Kodi manyazi anuwo adzazonda wodwala uti?" Ndidasowa poyankha.

Tsono tidakhala pansi kusankha. Ndidapempha ya matayala otambalala, pakuti njira zathu ndi mchenga m'chilimwe, matope a makande m'dzinja. Ya mtanda wotsika, kuti mwendo usavutike pokwera. Ya batire lochotseka, loti nkukatchajitsa kumsika. Ndiponso ya tcheni ndi mabuleki wamba, zimene amisiri athu angathe kukonza.

Itafika, idandiphunzitsa chimene sindinkayembekeza. Kainjini kake sikayenda kokha. Ukaleka kupalasa, nakonso kamaleka. Ukaponda pang'ono, kamakuonjezera mphamvu. Ndidakumbukira katekisimu wa paubwana: chaulere cha Mulungu sichinyamula munthu ngati thumba la chimanga. Chimamuitana, nichithandiza amene wavomera kuyenda nacho.

Lamulungu lapitali ndidafika kwa agogo ena amene sindidawaone zaka zambiri. Adandigwira dzanja nati, "Ndinkayesa mudatsogola." Abale, manyazi enieni ndidawamva tsiku limenelo.